Galimoto Imene Inkaganiza Kuti Idakali pa Phiri

Nkhani iyi iyenera kulembedwa, ndipo chifukwa chake ndichinena poyamba. Tsiku limene tinkaika mwala pa manda a bambo anga kwa Kalembo, ndinamva mwana wa mlongo wanga akuuza anzake kuti galimoto ya agogo ake inalodzedwa, ndi kuti inachira itafukiziridwa mankhwala ochokera ku nyanja ya Chiuta. Ankanena zimenezi atakhala pa chigoba cha galimotoyo, chimene chidakali pansi pa mtengo wa bwemba, nkhuku zikuikira mazira pamene panali mpando wa woyendetsa. Anzakewo anakhulupirira. Sindinamudzudzule pagulu, pakuti tsiku lotero si lokalipira ana, koma ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima kuti bodza limeneli silidzakhala cholowa cha banja lathu. Mwa anthu amene analipo tsiku limene galimotoyo inakonzedwa tatsala awiri okha, ndipo mnzangayo anali khanda la kumsana. Udindo wonena zoona watsalira ine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inali nthawi imene munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo mkazi kapena mtsikana sankaloledwa kuvala buluku. Balaka inali idakali pansi pa boma la Machinga, limene akuluakulu ankalitchabe Kasupe. Bambo anga, a Layisoni, anali atabwerako ku migodi ya ku Joni ndi mwendo umodzi. Wakumanzere unatsala komweko, ndipo m'malo mwake anawapatsa wamtengo, wa malamba achikopa, umene unkalira pang'ono akamayenda. Amuna ena ankabwerako ndi wailesi, njinga kapena makina osokera. Iwo chipukuta misozi cha mwendowo anagulira galimoto yakale. Inabwera pa sitima, ndipo ndikukumbukira tikuiyembekezera pa siteshoni ya Balaka. Inatulukira m'fumbi itakwera pa ngolo yopanda denga, yaitali, yotakata, yobiriwira ngati madzi a m'dambo, ndipo ine ndinaiyang'ana monga munthu amayang'anira chinthu chimene anachionapo kale m'tulo.

Anaisankha pa chifukwa chimodzi: inalibe kalachi. Pansi pa chiwongolero panali zopondera ziwiri zokha, cha moto ndi cha buleki, ndipo zonse zinkafuna mwendo wakumanja. Magiya inkasintha yokha. Masiku ano galimoto za otomatiki zadzaza m'misewu ndipo palibe wozicheukira, koma nthawi imeneyo anthu ankachokera midzi ina kudzasuzumira pa windo kuti adzionere okha kuti chopondera chachitatu palibedi. Akakhala pansi, bambo anali munthu wa ndodo, wotsalira m'mbuyo anthu akamapita ku tchalitchi. Akalowa m'galimoto, panalibe wowadikira.

Ntchito yawo inali kunyamula nsomba zouma kuchokera ku Chiuta kupita ku Balaka ndi ku Phalula, komanso kutengera odwala ku chipatala. Pa tchuthi ankanditenga. Tinkanyamuka mame asanaume, ine nditagona chagada pa mpando wakumbuyo, ndikuona nsonga za milambe ndi migwalangwa zikuyandama pa windo ngati kuti ndizo zikuyenda, ife taima. Galimotoyo inali ndi mawu atatu. Oyamba anali a munthu amene akudzuka, achiwiri a munthu amene ali pa ulendo, achitatu a munthu amene wagona bwino. Kuchoka pa mawu ena kupita pa ena sikunkamveka m'thupi. Unkangozindikira kuti phokoso latsika, monga momwe mvula imalekera pa denga iwe osadziwa kuti yaleka liti. Tikamawoloka mlatho wa pa Liwonde, mawu achitatu aja anali atafika kale, ndipo fungo la Shire linkalowa pa windo n'kusakanikirana ndi la chikopa cha mipando. Nthawi zambiri ndinkadzidzimuka tili kale kwa Ntaja.

Ku Chiuta bambo anali ndi bwenzi lawo, Che Saidi, msodzi amene ankadziwikanso pomata mabwato. Anali munthu wamfupi, wa kofia yoyera nthawi zonse, manja awo onunkhira phula. Ulendo wina, titatha msewu wa mabampu umene unkagwedeza mano, tinafika pa doko injini ikunjenjemera, ikufuna kuzima, ndipo pansi pa boneti pankamveka kulira ngati kwa njoka yokwiya. Bambo sakanatha kutsika, pakuti akachotsa phazi pa moto injini inkafa. Che Saidi anatsegula boneti, analowetsa mutu, anamvetsera, kenaka anasolola mpeni ndi ulusi m'thumba. Ine ndinali ndi tulo ta masana, ndikuona zonse ngati kudzera m'nsalu yopyapyala. Posakhalitsa njoka ija inakhala chete, injini inayamba kupuma bwino.

"Mwachita chiyani, achimwene?" anafunsa bambo.

"Kabowo kakang'ono," anatero Che Saidi, akupukuta mpeni pa buluku. "Ndakatseka. Musade nkhawa, sikadzatulukanso mpweya mpaka tsiku la chiweruzo."

Onse anaseka, ndipo anthu a pa doko anawayamikira. Pobwerera tinali ndi katundu wolemera, msewu wake wa mchenga, choncho kuyenda pang'onopang'ono sikunadabwitse munthu. Vuto linaonekera titafika pa tala.

Galimoto inakana kuchoka pa mawu oyamba. Injini inkakuwa, kukuwa, mpaka munthu kugwira m'makutu, ndipo pamene unkati tsopano china chake chithyoka, giya yachiwiri inkalowa mwadzidzidzi, gu! ngati ng'ombe yagunda kumbuyo. Mitanga ya nsomba inkagwa, amayi okwera ankagundana mitu n'kuitana mayina a makolo awo. Giya yachitatu inkabwera mwa apo ndi apo, pa mtsetse pokha. Petulo ankatha ngati pansi pabooka. Ana a m'mbali mwa msewu anaipatsa dzina, ankati "Ndiganize Kaye," ndipo ankaithamangira akukuwa dzinalo. Ine ndinaleka kugona pa mpando wakumbuyo. Ndinkakhala tsonga, ndikuyang'ana khosi la bambo, mmene minofu yake inkalimbira poyembekezera kugunda kuja.

Tinkakhala kwao kwa amayi, bambo ali mkamwini, ndipo mwini mbumba anali amalume a Dayitoni, mlongo wawo wa amayi. Sindifuna kuti wowerenga awaone ngati munthu woipa. Galimotoyo inkadyetsa nyumba yathu ndi yawo yomwe, ndipo ankaopa kuti tsiku lina idzafera pakati pa tchire ndi nsomba za eni ake. Anapita ku Balaka kukaonana ndi a Kachingwe, makaniko wodziwika, amene anabwera, anaiyendetsa pang'ono, n'kunena zoona zake: mathirakitala, malole ndi zigayo ankazidziwa ngati zala zake, koma giyabokosi yosintha yokha anali asanaitsegulepo, ndipo zipangizo zake sizikanapezeka ngakhale ku Limbe. Koma anali ndi giyabokosi ina, ya kalachi, yochokera m'galimoto ya mtundu womwewo imene inagubuduka, ndipo ankakhulupirira kuti ikhoza kukwana.

Amalume anabwera nazo madzulo ena, tili pa khonde tikutongola chimanga.

"Alamu, tisadikire kuti itichititse manyazi pa msewu. A Kachingwe abwera Loweruka ndi giyabokosi ija."

Amayi ndiwo anafunsa: "Nanga kalachiyo aziponda ndani, achimwene?"

"Fulanki ali ndi laisensi, wangokhala. Alamu azikhala pambali, azilankhula ndi anthu, aziona katundu. Ntchito ndi yomweyo, mlongo wanga. Kungosintha mpando."

Fulanki anali mwana wawo woyamba, mnyamata wamapewa otakata, wabwino mtima, amene anayang'ana pansi atamva dzina lake. Bambo anapitiriza kutongola chimanga. Mkamwini sankatsutsana ndi mwini mbumba pamaso pa ana. Masiku otsatirawo analeka ulendo wa ku Chiuta. Masana, dzuwa litafika pamutu, anthu onse atabisala m'mithunzi, ndinkawaona atakhala m'galimoto pansi pa bwemba, injini ili chete, manja onse awiri ali pa chiwongolero, akuyang'ana kutsogolo kumene kunalibe kanthu koma nkhokwe. Sindinkadziwa mawu ake nthawi imeneyo, koma ndinkadziwa kuti munthu uja akachotsedwa pa mpando umenewo, mwendo umene anausiya ku Joni udzadulidwa kachiwiri.

Lachisanu kunafika Che Saidi, atakwera sitima ndi kuyenda pansi, atanyamula kamtolo ka nsomba, kudzaona chimene chaletsa bwenzi lawo kufika ku nyanja. Anagona kwathu. Loweruka m'mawa tinamva mabelu a ng'ombe, ndipo a Kachingwe anatulukira pa ngolo, giyabokosi ija itagona pa masaka ngati nkhumba yopita ku msika, jeke ndi masipanala zili pambali pake.

Bambo anawalonjera mwaulemu, anawapatsa mpando, kenaka anatembenukira kwa amalume.

"Alamu, ndipempha chinthu chimodzi. Jeke asalowe pansi mpaka mthunzi wa bwembawu utafika pa nkhokwe. Ukafika ndisanapeze kanthu, a Kachingwe ayambe ntchito yawo, sindidzanenanso."

Amalume anayang'ana mthunziwo, anayang'ana a Kachingwe. A Kachingwe anati, "Ine tiyi ndisanamwe sindigwira sipanala. Asiyeni."

Mzungu wokalamba amene anawagulitsa galimotoyo anali atawaphunzitsa zinthu zochepa, ndipo bambo anali atakhala nazo masana onse aja, akuzisanja m'mutu. Analiza injini, anaisiya kuti itenthe, galimoto ili pamalo osalala. Anandituma kuti ndikatenge kansalu koyera. Anasolola kachitsulo kakatali koyezera oyilo wa giyabokosi, injini ikulira ndithu, zimene zinadabwitsa Fulanki, pakuti iye anaphunzira kuyeza oyilo injini itazima. Oyiloyo anali pa mzere wake. Anadontheza pa kansalu kaja, ndipo dontholo linafalikira lofiira, loyera bwino, ngati madzi a chidede. Analinunkhiza, anapatsa a Kachingwe kuti anunkhizenso.

"Sananyeke," anatero a Kachingwe.

"Akanakhala wakuda, wonunkha ngati mphika wopserera, ndikanati mkatimo mwatha, chotsani," anatero bambo. "Akanakhala wochepa, ndikanati ili ndi ludzu. Koma taonani. Mkati mulibe matenda."

Kenaka anauza Fulanki kuti azimitse injini, aponde moto ndi kusiya, iwo akuyang'ana waya wochokera ku choponderacho. Wayayo ankayenda momasuka. Mthunzi unali utayenda kale theka la njira yake. Bambo anatsamira ndodo, ndipo pamene analankhula, ankaoneka ngati akulankhula ndi galimotoyo.

"Chinthu ichi sichiona msewu. Chimauzidwa. Pali kachitini pambali pa giyabokosi, kamene kamamva kupuma kwa injini. Ndiyenera kudziwa ngati kakumvabe."

Kachitiniko kanali pansi. Kuseri kwa nyumba kunali ngalande yopapatiza imene madzi a mvula anakumba, ndipo bambo anaimika galimoto motangadza ngalandeyo, n'kuika miyala ku matayala onse. Iwo sakanatha kugona mmenemo chifukwa cha mwendo. A Kachingwe anayang'ana mimba yawo n'kuseka. Fulanki anayesa, mapewa anakana.

"Estere," anatero bambo, akuyang'ana ine.

Amayi, amene anali ndi mlongo wanga Yohane kumsana, anaimirira nthawi yomweyo. "Iyayi, abambo ake Estere. Mwana wamkazi pansi pa galimoto, miyendo pamtunda, amuna ali pomwepa? Muitane mnyamata aliyense wa m'mudzi muno."

"Mnyamata adzandiuza chimene akuganiza kuti ndikufuna kumva, amake Estere. Uyu amanena chimene waona."

Amayi anandiyang'ana, anayang'ana mthunzi uja, ndipo anachita chinthu chimene sindidzachiiwala. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zitenje ziwiri. Chimodzi anandimanga nacho mwamphamvu kuyambira m'chiuno mpaka m'mapazi, kotero kuti ndinaoneka ngati mtolo wa nzimbe. Chinacho anachitambasula ndi manja awiri, n'kuima nacho m'mbali mwa galimoto ngati mpanda.

"Amuna nonse, kuseri uko," anatero. "Inunso, achimwene." Ndipo mwini mbumba anamvera.

Ndinalowa chagada, ndikudzikoka ndi zigongono. Pansipo panali dziko lina. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa m'chitenje cha amayi n'kugwa pa zitsulo kofiira ndi kwachikasu, maluwa a pa nsaluyo akugwedezeka pa mimba ya galimoto ngati zithunzi za pamadzi. Kunali kofunda, konunkhira dothi, oyilo ndi nsomba zakale. Zitsulo zinkalira tsi, tsi, pozizira. Kumbali ina ndinkaona mapazi okhaokha: nsapato za matayala za a Kachingwe, mapatapata a Che Saidi, nsapato za tchalitchi za amalume, ndipo pafupi kwambiri nsapato imodzi ya bambo, nsonga ya mwendo wamtengo ndi ndodo. Mawu a anthu ankamveka kutali, monga amamvekera munthu ukamira m'mtsinje. Ndinaganiza kuti mwina ndi mmene kunalili ku mgodi, ndipo sindinachite mantha.

Bambo anagogoda chitseko ndi ndodo. "Uli pamenepa?"

"Ndili pomwepo, ababa."

"Usakhudze paipi yaikulu ya utsi, ikutentha. Usandiuze chimene ukuganiza. Ndiuze chimene ukuona."

Ndinawauza za chitsulo chotakata chonga thireyi, chouma, chosadontha. Ndinawauza za ndodo yaitali yopita kumbuyo. Kenaka ndinakaona, kobisala m'mbali, kachitini kozungulira konga ka mafuta odzola, kokutidwa ndi fumbi.

"Kali ndi kamwa?"

"Eya. Pakamwapo pali kapaipi ka mphira, kakafupi. Kenaka kalowa m'kapaipi kachitsulo, kowonda ngati phesi la udzu."

"Katsate ndi zala. Kakupita kuti?"

Ndinakatsata. Kanakwera m'mbali mwa giyabokosi, kanakhota, kanalowa mumdima wa kumbuyo kwa injini. Ndinatambasula dzanja mpaka phewa linawawa, ndipo zala zanga zinafika pamapeto pake.

"Sikakupita kulikonse, ababa. Kathera m'malere. Ndipo kukamwa kwake mavu amangako nyumba ya dothi."

Kenaka ndinamva malamba a mwendo uja akulira mofulumira kuposa mmene ndinawamverapo, boneti ikutseguka, ndipo kuwala kunagwa kuchokera pamwamba. Pakati pa zitsulo ndinaona nkhope ya bambo, yozondoka, maso ali mwaa. Ndinagwedeza kapaipi kaja kuti aone pamene kali. Iwo analowetsa dzanja kumbuyo kwa injini, kufuna mbali inayo imene kanayenera kulumikizana nayo, anapapasa, ndipo anakoka chinthu.

Pamene ndinatuluka, amayi akundikuntha fumbi mopanda chifundo, amuna onse anali atazungulira boneti. M'dzanja la bambo munali kapaipi ka mphira kochokera ku injini. Kukamwa kwake kunali kamtengo kosemedwa bwino, komatidwa ndi phula, ndipo kapaipiko kanali katapindidwa n'kumangiriridwa kuseri ndi ulusi wa ukonde. Mfundo yake inali yokongola, yolimba, ya mtundu umene munthu wa kumtunda sangaumange. Mmodzi ndi mmodzi, onse anatembenukira kwa Che Saidi.

Che Saidi anavula kofia, anayang'ana mkati mwake, anaivalanso.

"Wallahi, achimwene, bowo ndi bowo. M'bwato mukasiya bowo, nkhani yake amakamba ndi ng'ona. Kankapuma ngati njoka, ine ndinakatseka. Si inu nomwe munandithokoza?"

Bambo anayamba kuseka. Anaseka mpaka anasiya ndodo n'kugwira galimoto, misozi ikutsika, ndipo ndinazindikira kuti ndinali ndisanawamve akuseka chibwerere ku Chiuta. A Kachingwe anagwa nacho chiseko, amalume anayesa kudziletsa koma analephera.

"Munatseka bwino, achimwene," anatero bambo atapeza mpweya. "Mabampu aja ndiwo anakazula, ndipo inu mukanapanda kutseka, sitikanafika kunyumba. Koma bowo ili ndi khutu. Injini ikamayenda momasuka imakoka mpweya mwamphamvu m'kapaipi aka, kachitini kaja kamamva, n'kuuza giyabokosi kuti pumula, sintha. Injini ikamavutika pa mtunda, kukokako kumachepa, kachitini kamati gwiritsa, usasinthe. Tsopano masiku onsewa sikamamva kanthu. Ndiye kamati tidakali pa phiri."

"Chichokereni ku Chiuta ikukwera phiri?" anafunsa Fulanki.

"Phiri losatha. Siinali yaulesi, siinali yokalamba. Panalibe woiuza kuti tafika pa chigwa."

Ntchito yotsalayo anaigwira a Kachingwe, ndipo anaigwira mwaluso. Anakoka kapaipi kachitsulo kaja m'mwamba, anachotsa dothi la mavu ndi sipoko ya njinga, mosamala kuti lisagwere mkati. Bambo anawapempha kuti ayamwe kukamwa kwake ndi kuika lilime. Anatero, ndipo lilime linakakamira.

"Kakugwira," anatero, akulavula. "Ndipo mulibe oyilo."

"Ndiye kachitini n'kamoyo," anatero bambo.

Mphira wakale unali utauma ndi kung'aluka kumapeto. A Kachingwe anadula kachidutswa katsopano m'bokosi lawo, anakalowetsa mbali zonse ziwiri, n'kumanga ndi waya. Che Saidi anapempha kuti awonjezerepo mfundo yawo, kuti mabampu asadzakazulenso, ndipo analoledwa, bambo atawachenjeza kuti kamtengo kokha asabwezeremo. Pamene boneti inkatsekedwa, mthunzi wa bwemba unali utakhudza mwendo woyamba wa nkhokwe.

Tinakwera tonse. Amayi ndi Yohane, Che Saidi, Fulanki ndi ine tinapanikizana kumbuyo. Kutsogolo kunakhala a Kachingwe pakati, ndipo pa mpando wa pambali, umene anaukonzera mlamu wawo, panakhala amalume. Tinayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka m'mudzi mpaka pa msewu waukulu, bambo anakhotera ku Liwonde, naponda moto.

Mawu oyamba anayamba kukwera. Aliyense anagwira chimene chinali pafupi. Amayi anaphimba mutu wa mwana ndi dzanja, Che Saidi anagwira kofia akunong'ona pemphero, ine ndinayang'ana khosi la bambo. Minda ya thonje inayamba kudutsa, yoyera mbali zonse, milambe ikubwera ndi kupita. Tinayembekezera kugunda kuja. Tinayembekezerabe. Mphepo inkalowa pa windo, ndipo ndinazindikira kuti ndikumva mpweya wa Yohane, amene anali atagona.

"Kodi isintha liti?" anafunsa amayi.

"Yasintha kalekale, amake Estere," anatero bambo. "Kawiri."

Palibe anaombera m'manja. Tinangokhala m'mawu achitatu aja, ngati anthu amene alowa m'nyumba yozizira kuchokera pa dzuwa. Patapita nthawi bambo anachepetsa liwiro, kufuna malo otembenukira. Amalume anatulutsa chigongono pa windo, anakonza chipewa chawo.

"Pitirizani, alamu," anatero. "Tikaone madzi pa mlatho."

Madzulo ake giyabokosi ya kalachi inabwerera ku Balaka pa ngolo yomwe ija, ndipo bambo anayendetsa galimotoyo okha kufikira pamene maso awo anafooka.

Ndakhala mphunzitsi moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti ana amene anadutsa m'manja mwanga amandikumbukira ngati mayi wovuta. Sindikana, ndipo sindipepesa. Sindilola kuchedwa, sindilola ntchito yosasamala. Koma pali chinthu chimodzi chimene ku koleji sanandiphunzitse, chimene ndinachitenga m'ngalande ija. Mwana akamachedwa kuyankha, akamakakamira pa tsamba limodzi anzake atapitirira, sindiyamba ndi kumutcha waulesi, ndipo sindifulumira kumuchotsa pa mpando wake. Ndimayamba ndafufuza ngati mawu anga akumufika. Wina ndinamupeza kuti khutu lake lakumanzere silimva, ndipo anakhala zaka akuloza khutu limenelo kwa aphunzitsi. Wina kwao kunali kutatha kale nkhondo ya makolo ake, koma iye anali akadagwiritsa, mapewa ali m'mwamba, kudikira kugunda. Ana otere safuna chikwapu, ndipo safuna kusinthidwa mtima. Amafuna wina agone pansi, atsate kapaipi ndi zala mpaka pamene kathera, kenaka awauze kuti phiri latha. Ndaonanso kuti nthawi zambiri amene anatseka njirayo si mdani. Ndi munthu wokonda, amene anamva kulira n'kukutseka mwaluso lake lonse.

Choncho mwana wa mlongo wanga adziwe kuti ku Chiuta sikunachokere mankhwala. Kunachokera kamtengo, phula ndi ulusi, ndipo kamtengoko ndikusunga ine. Kuti pasadzakhalenso wokayika, amene analipo tsiku limenelo ndi awa:

A Dayitoni, amalume anga, mwini mbumba, amene anakhala pa mpando wa pambali. Anamwalira.

Fulanki, mwana wawo, amene pambuyo pake anayendetsa malole mpaka ku Beira. Anamwalira.

A Kachingwe, makaniko wa ku Balaka. Anamwalira.

Che Saidi, msodzi ndi womata mabwato wa ku Chiuta, amene mfundo yawo idakalipo pa chigobacho kwa amene angafune kukaiona. Anamwalira.

A Firida, amayi anga, amene anagwira chitenje manja osatsika. Anamwalira.

Yohane, mlongo wanga, amene anagona ulendo wonse ndipo sangachitire umboni kanthu.

Ine, Estere.

Ndi a Layisoni, bambo anga, amene anayendetsa.